Galasi la kwa a Boniface

Dzuwa linali litalowa kale pomwe Bashiri amatuluka pa galaja ya a Boniface, galasi lakutsogolo kwa galimoto atalikulunga m'chiguduli n'kulibereka kumsana ngati mwana. Mtima unkamuwira. Pamalopo anafika masanasana, koma a Boniface anamusunga ngati munthu wodzapempha mchere: pena akudya, pena ali pafoni, pena ati kiyi wa sitolo wapita ndi akazi awo kudimba. Pomwe amalitulutsa galasilo n'kuti akabaza onse ataweruka, minibasi yomaliza yochokera ku Kabudula itadutsa kalekale.

Bashiri anali mwana wa a Ibrahim, eni golosale ya pa Nsaru, koma za shuga ndi sopo analibe nazo ntchito. Mtima wake unali pa zitsulo. Mkulu wake wa ku Joni anamutumizira galimoto yopanda denga, ija imabwera zidutswazidutswa m'mabokosi kuti ulumikize wekha pa chasisi ya galimoto yakale. Chidutswa chilichonse chinabwera ndi ndewu yake. Mabowo a mabawuti sankayang'anana. Chitseko chakumanzere chinkatseka bwino, chakumanja chinkasiya mpata wolowa dzanja lonse. Zonsezo anazigonjetsa ndi tupa ndi makina owotcherera. Koma galasi lakutsogolo linafika litaphwanyika m'bokosi, ndipo felemu yake inali yachilendo, yaifupi, yozungulira m'makona, moti magalasi onse omwe anayesa anakana kulowa.

Anthu a pa Nsaru ankadutsa n'kumaseka, ati mwana wa a Ibrahim akumanga bafa la matayala. Iye atapsa mtima analumbira pamaso pa banja lonse kuti mlongo wake Zuleha, pa tsiku la ukwati wake, adzayenda m'galimoto yomweyo. Tsono ukwatiwo unali Lamlungu likubwerali.

A Boniface ndiwo anamulonjeza galasi. "Ili ndi la ku Japan ili, ndalidula ndekha pa muyezo wanu," anatero pomupatsa. "Likachepa, ingothirani labala wa chubu m'mbalimu. Musavute, inu."

Mawu akuti musavutewo ndiwo ankamuwawa njira yonse. Ankayenda akung'ung'udza yekha, fumbi likulowa m'masandasi, chingwe chikumudula m'mapewa. Wovuta ndi iye? Munthu wakhala pa tayala masana onse osapatsidwa ngakhale madzi akumwa, ndiye akhale wovuta?

Anadutsa mudzi womaliza, agalu anauwa n'kutopa. Anadutsa zigafa zopanda fodya zitangoima mbuu m'kamwezi kochepa. Kenako msewu unatsetsereka kulowera kudambo, komwe kuli kamlatho kopanda zitsulo m'mbali, ndipo patsidya pake mitengo ya kumanda inada bii.

Apo ndi pomwe anasiya kung'ung'udza.

Achule anali atakhala chete. Nkhululu nazo zii. Kunkangomveka masandasi ake, phwa, phwa, phwa... ndi mapazi ena pambuyo.

Anaima. Nawonso anaima.

Anayenda. Nawonso anayenda.

"Tsitsani galasilo."

Bashiri anatembenuka mwamphamvu, galasi linatsala pang'ono kumugwetsa. Pakati pa mlatho panaima bambo wamtali, wovala ovololo ya mafutamafuta. Usikuwo kunali kotentha, kwa mwezi wa Okutobala, koma iwo anali atadzikulunga mpango wochindikala m'khosi.

Mantha anabwera, koma mkwiyo unawapitirira. Tsiku lonse kuzunzika, ndiye pomaliza wakuba adzalande?

"Kodi ndinu ndani, bambo? Katunduyu ndi wanga. Ngati mukufuna foni, nenani!"

"Tsitsani," anabwerezanso, ndi mawu otuluka movutikira, ngati mpweya ukuthawira pena. "Mwayang'ana pakona? Chidindo chilipo?"

Galasi lenileni la galimoto limakhala ndi kachidindo pakona, zimenezo Bashiri ankazidziwa bwino. Kungoti ku galaja kuja kunali kutada, iye ali pa changu, ndipo a Boniface analikulunga msangamsanga.

Anamasula chingwe. Anaimika galasilo pa simenti, n'kuchotsa chiguduli, n'kuyatsa tochi ya foni. Kona yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Zinayi zonse, mbee.

"Ligogodeni."

Analigogoda ndi chikhadabo. Ngwee! Linalira mopepuka, kulira kwa galasi la pawindo la nyumba.

"Mbava ameneyu!" Bashiri anakuwa, kuiwala ndi mantha omwe. "Wandidulira galasi la nyumba! Ine ndi ine?"

"Inenso anandiuza kuti ndi la ku Japan," anatero bamboyo. Anali atayandikira. Sanamveke kuyenda, koma tsopano anali tsidya lina la galasilo, pafupi zedi. "Linachepa. Anathira labala wa chubu. Anamanga ndi waya. Ati ndisavute."

Bamboyo anawerama n'kuyika dzanja pagalasi. Bashiri anaunika.

Kupyolera m'galasimo munalibe munthu. Munkangooneka simenti ya mlatho, ndi udzu, ndi msewu ukupita. Anakweza maso pamwamba pa galasi: bambo uja alipo, mutu ndi mapewa. Anatsitsanso maso... palibe!

Anafuna kutchula dzina la Allah, lilime linauma gwa.

"Kutsogolo adzakhale ndani?"

"M... mlongo wanga."

"Mlongo wanu." Bamboyo anapukusa mutu pang'onopang'ono, ndipo mawu awo anadzaza ukali wakale, wozizira. "Galasi lenileni likasweka limangomanga ukonde n'kukhala pomwepo. Ili limatuluka mipeni. Ndiye munthu ameneyu akadali kudulabe? Akudyabe, akugonabe, akudulabe? Palibe wamufunsa?"

Anakweza dzanja. Anayamba kumasula mpango. Kamodzi. Kawiri...

Pansi pa mpangowo khosi linali lotseguka, kuchokera kukhutu ili kukafika kukhutu linalo!

Bashiri anataya zonse. Galasi linagwa chagada pa simenti, phwaa! Silinamange ukonde. Linagawanika m'zidutswa zazitali, zosongoka ngati zikwanje, zikunyezimira pamwezi. Chimodzi chinamucheka pakatumba, koma iye sanamve n'komwe.

Anathamanga. Manda anawadutsa osacheuka. Sandasi imodzi inatsala. Anagwa, anadzuka, anathamangabe. Pambuyo pake sikunamveke mapazi, kunkangomveka mawu aja, akuchepa, akuchepa: "Palibe wamufunsa? Palibe wamufunsa?"

Anafika pa Nsaru mashopu onse atatsekedwa. A Ibrahim anali pakhonde la golosale ndi tochi m'manja, nkhope ili gwaa.

"Nthawi ino? Mayi ako sanadye chifukwa cha iwe! Unanena kuti ukupita ku tauni, nanga ukuchokera kumtundaku bwanji? Ndipo magaziwa ndi a chiyani?"

Bashiri anakhala pansi, pafupi ndi galimoto yake yomwe inali itafunditsidwa lona pambali pa golosale. Anafotokoza modukizaduka: kuti ku tauni sanapite, kuti mnzake wina anamulozera kwa a Boniface, za galasi lopanda chidindo, za bambo wa pamlatho. Pomwe mpweya unkabwerera, mkwiyo nawo unkabwerera.

"Mawa ndikupita konko, bambo. Ndikatenga zidutswa zija n'kukawathirira pakhomo anthu akuona. Zuleha akanakhala kuseri kwa chinthu chimenecho! Kabampu kamodzi kokha, basi! Ndipo bambo aja ndikawafunafuna, akakhale mboni yanga kupolisi. Ayenera kuti ndi a m'mudzi wapafupi. Koma bala lija... munthu angayende bwanji ndi bala lotere?"

A Ibrahim anawerama n'kumuyang'anitsitsa.

"Wati wamtali? Wa ovololo?"

"Eya."

"Dzino lakutsogolo lobenthuka?"

Bashiri anadzutsa mutu. Za dzino anali asanatchule.

A Ibrahim anazimitsa tochi n'kukhala pansi pambali pa mwana wawo.

"Inna lillahi," ananong'ona. "Ameneyo ndi Henderson. Ankayendetsa matola, pikapu yoyera, Nsaru mpaka Kabudula. Katundu wanga yense ankanyamula ndi iye. Tsiku lina kunagwa mvula, galimoto inaterereka pamlatho paja n'kugunda kachitsa. Kachitsa chabe. Azimayi omwe anali kumbuyo anatsika okha, mitolo yawo ili kumutu, palibe ndi mmodzi yemwe anakalika. Koma galasi linamulowa m'khosi."

"Liti, bambo?"

"Kwa a Boniface ndikuperekeza ndine mawa, ndipo tikayankhula mokweza. Koma mboni yakoyo usavutike kuifuna. Misomali ya bokosi la maliro ake, abale ake anadzagula m'golosale muno, Zuleha akadali kumsana."