Galimoto Imene Inkakana Eni Ake

Dzuwa litangolowa, Maud ankaanula zovala pachingwe, msana ukumuwawa chifukwa tsiku lonse anali akusita malaya a bwana wake. Yadi imene ankakhala ku Nellmapius, ku Joni, inali ya zipinda zalendi zoyang'anizana ndi mpope umodzi umene anthu ankakanganirana m'mawa uliwonse. Pakati pa yadiyo pankaima galimoto yoyera, ndipo madzulo amenewo Elton anali pambali pake akukoka chogwirira cha chitseko ngati munthu wodzutsa mnzake woledzera.

Galimotoyo anagula mosonkherana amuna atatu: Elton, Courage ndi Gilbert, mwamuna wa Maud. Ankanyamula anthu oitanitsa pafoni, akumalandirana, moti mpando wa dalaivala sunkazizira. Inali yamakono ano, yosafuna kupisa kiyi pabowo. Ukangoyandikira kiyi ali m'thumba, inkalira kawiri, magetsi n'kuphethira, loko n'kutseguka. Kiyiyo anabwera mmodzi yekha. Amene anawapezera galimotoyo anali Abambo a Vongai, mkulu wa mpingo wobadwira ku Zimbabwe ngakhale makolo awo anali a ku Dedza. Iwo anati kiyi winayo anatayika kalekale, ndipo tsiku loyamba anaisanjika manja galimotoyo n'kuipempherera mpaka anthu miyendo inawawa.

"Alamu, kiyi mwamusiya m'nyumba?" anafunsa Maud.

"Ali m'manja muno."

"Nanga bwanji simukulowa?"

"Eish, ikundikana. Yayamba dzulo."

Courage anatuluka m'chipinda mwake, n'kulandira kiyi uja. Asanatambasule n'komwe dzanja, galimoto inalira kawiri. Anamubwezera Elton, Elton analowa n'kudina batani loliza injini, koma pa sikirini panangotuluka mawu akuti kiyi sakupezeka. Courage anati mwina galimoto yatopa ndi fungo la masokosi a mnzakeyo, ndipo onse anaseka. Kuseka kumeneko pambuyo pake palibe amene ankafuna kukukumbukira.

Anasintha batire la kiyi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu mu tauni. Sizinathandize. Anapita nayo kwa Khalid, makaniko wa ku Eersterust, amene anailumikiza ku kompyuta yake n'kupeza kuti ilibe vuto. Anawauza kuti magalimoto amenewa amatero, nthawi zina amasokonezedwa ndi foni, nthawi zina ndi zipangizo za akuba. Anati kiyi azimukulunga m'pepala lonyezimira lophikira n'kumuika m'chitini, chifukwa akakhala mmenemo galimoto singamumve ngakhale utaima naye pakhomo pake. Koma atamufunsa chifukwa chake inkakana Elton yekha, Khalid anangopukuta manja n'kuyang'ana kumbali.

Elton anasiya kuyendetsa. Ankangokhala pa kireti pakhomo pake, akudandaula kuti watopa. Ankagona msanga, kudzuka mochedwa, koma mapewa ankamuphwanya ngati wayendetsa ulendo wa ku Musina n'kubwerera. Tsiku lina masana mayi wina wotunga madzi anamupatsa moni, iye osayankha. Anali atapita kale, kapu ya tiyi ili m'manja yosatayika. Abambo a Vongai ndi amene anathamanga ndi zonse mpaka thupi linanyamuka kupita kwawo kwa malemuyo ku Ntcheu, ndipo anthu anati munthu wa mtima wotere ku Joni ndi wosowa.

Zachilendo zinayamba maliro atapita. Geti ya yadi inkagona yokiya, koma m'mawa Gilbert ankapeza boneti ili yofunda ndipo petulo watsika. Mpando wa dalaivala unkakhala utakankhidwira kumbuyo. Gilbert anali wamfupi, Courage naye sanali wamtali. Wamtali anali Elton. M'katimo munkamveka fungo la dothi lonyowa, losakanikirana ndi mankhwala otikitira amene malemuyo ankapaka m'mapewa. Mayi wa chipinda choyandikana ndi geti anati amamva galimoto ikulira kawiri nthawi imene matakisi oyamba amayamba kuliza mabelu, koma kusuzumira pawindo anati zimenezo ayi, iye ali ndi ana.

Manong'onong'o anafalikira mpaka m'mayadi ena. Wina anati anamuona Elton pa maloboti a kufupi ndi renki ya matakisi ya mu tauni, ali pa chiwongolero, maso ali gwa osaphethira. Mawu akuti ndondocha anayamba kutchulidwa chapansipansi pampope: kuti pali munthu amene akupha anzake m'matsenga kuti azimugwirira ntchito. Anthu sanadabwe kwambiri ndi ufitiwo, poti kumudzi anausiya ndipo ankadziwa kuti nawonso umadziwa kukwera basi. Chimene chinawapweteka n'china. Ku Joni munthu amabwera kudzatopa, zimenezo aliyense anavomera kale, koma kumva kuti ngakhale ukafa sakupatsa tsiku lopuma kunawatayitsa mtima.

Kenako galimoto inamukana Courage. Ulendo uno palibe anaseka. Courage anaima nthawi yaitali kiyi ali m'manja, kenako anakamuika patebulo la Maud mwaulemu ngati akubweza chinthu chobwereka.

"Ndikupita kwathu, sisi."

"Lero lomwe?"

"Ndikagona pano sindidzuka."

Basi ya ku Harare sanaikwere. Anamupeza pamalo odikirira atamwalira, atatsamira chikwama chake, anthu akumulambalala poganiza kuti wagona. M'mawa mwake mpando wa galimoto unali utasunthidwanso, ndipo wailesi inali pa siteshoni ya nyimbo za Chishona imene Courage yekha ankaikonda.

Anatsala Gilbert. Maud anamuchonderera kuti aisiye galimotoyo, aitaye ngakhale kudzala. Gilbert anamufunsa kuti ana awo amene ali kwa agogo awo ku Malawi azidya chiyani, ndipo ndani mu Nellmapius monse angagule galimoto imene mbiri yake inafika kale ku Mamelodi. Choncho ankayendetsa yekha, kutuluka kusanache, kubwera maso ali psuu. M'mawa uliwonse Maud ankaima kuseri kwa chitseko atagwira mpweya, kudikira kulira kuwiri kuja. Kukamveka, ankakhala pansi kaye asanavale za kuntchito. Ankaopa, ndipo kuopako kunali kutamutopetsa kuposa kusita ndi kukolopa konse.

Loweruka lina anadikira, koma kunja kunali zii. Anamva chogwirira chikukokedwa, n'kukokedwanso. Kenako mapazi a mwamuna wake anabwerera mokhwekhwereza.

"A Gilbert, mwaiwala chiyani?"

"Palibe."

"Mwina ndi batire."

"Si batire, Maud. Ndisiye ndikhale pansi. Ndatopa."

Maud sanalire, mphamvu zolirira analibe. Anatenga kiyi uja, anamukulunga m'pepala lonyezimira monga ananenera Khalid, n'kumutsekera m'chitini cha masikono. Chitinicho anachimanga m'chitenje chake. Kenako anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu a mpingo kuti mawa lake akaweruka ku tchalitchi adzapempherere mwamuna wake pa yadi.

Lamulungu masana anthu anadzaza yadi, dzuwa likuswa mtengo. Gilbert analephera kudzuka, ndiye anamusiya m'chipinda chitseko chili chotseka pang'ono. Amayi anayambitsa nyimbo ndi mawu otopa, ataima motalikira galimotoyo. Nyimbo ili m'kati, Abambo a Vongai analowa pa geti mochedwa, atavala suti yawo yakuda, Baibulo lili m'khwapa. Njira yawo inadutsa pambali pa galimoto. Galimoto inalira kawiri, magetsi n'kuphethira.

Nyimbo inaduka. Maud anamasula chitenje n'kukweza chitini m'mwamba, chili chotseka.

"Abambo, kiyi ali muno."

"Zimachitika, mayi. Ndi za magetsi izi."

"Tabwererani ku geti."

Anthu anawayang'anitsitsa mpaka anabwerera. Atangofika pa geti, loko inamveka ikudzikiya. Amuna awiri anawagwira m'mikono n'kuwapisa m'matumba monse, mpaka m'masokosi. Anapeza mpango ndi foni basi. Anawalanda zimenezo pamodzi ndi Baibulo ndi jekete, n'kuwakankhira kutsogolo manja ali lende. Galimoto inaliranso kawiri, mokondwa ngati galu amene waona mbuye wake.

Mayi wina anayamba kulira chamumtima. Mwamuna wina anatola njerwa, koma dzanja lake linakana kukwera. Abambo a Vongai sanakane kanthu, sanathawenso. Anangopumira m'mwamba, nkhope yawo ikuoneka yokalamba kuposa mmene anthu ankaidziwira.

"Mukuyesa ine sinditopa?" anatero motsitsa mawu. "Koma ntchito siima, ana anga."

Anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kukhala bwinobwino ngati bwana. Kutsogolo kunalibe munthu. Injini inalira. Anthu anapatukana osauzidwa, ena akugwerana, ndipo galimoto inatuluka pa geti pang'onopang'ono, itayatsa indiketa. Fungo la dothi lonyowa linatsala m'yadi monse. Kuchokera tsiku limenelo Abambo a Vongai sanaonekenso ku tchalitchi kapena kunyumba kwawo.

Galimoto itazimiririka pakona, anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Ena ankatamanda Mulungu, ena ankati iwo anawakayikira kalekale mkuluyo, ngakhale dzulo lomwelo ankawapatsa mpando wabwino. Maud anaponya chitini pansi. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Elton, mtima wake unapepuka. Galimoto yapita, mfiti yapita, mwamuna wake watsala. Anathamangira m'chipinda kukamuuza.

Gilbert anali atadzuka. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, msana uli chilili, manja onse awiri atawatambasula kutsogolo, zala zitafumbata chinthu chosaoneka. Phazi lake lamanja linkaponda simenti pang'onopang'ono, n'kumasula, n'kupondanso. Maso ake anali pakhoma, koma ankayang'ana patali kwambiri kuposa khomalo.

"A Gilbert, yapita. Mwamva? Yapita."

Manja aja anapotokera kumanzere, mmene msewu umakhotera potuluka mu Nellmapius. Maud anawagwira kuti awatsitse. Anali ozizira, ndipo anakana kutsika. Anagwada patsogolo pake, anamuitana dzina, anatchula mayina a ana awo. Gilbert anakweza maso pang'ono ngati munthu amene akuyang'ana pa galasi loonera kumbuyo, ndipo analankhula ndi mawu otopa, aulemu.

"Tikulowera kuti, Abambo?"