Chipinda cha Caetano mu Komputadori

Nkhaniyi ndinaimva koyamba ku Ntengo-Wambalame, zaka zija ndinkayenda m'misika ndi kachikwama ka zitsulo, kukonza mawailesi ndi mafoni. Miyendo inali isanayambe kudandaula nthawi imeneyo. Chapa, minibasi ya ku Tsangano, inandisiya, ndiye ndinakhala pa baraka ina yogulitsa mowa, mphepo ya Juni ikulowa m'mafupa. Pabenchi ndinapeza a Cipriano, ojambula makanema a maukwati. Sankamwa. Ataona zitsulo zanga anati, "Inu achimwene mwina mumva."

Anajambula ukwati wa Doroteia, mayi wolima kachewere, ndi mwamuna wake wachiwiri, Tito. Woyamba, Caetano, anamwalira kale. Caetanoyo anabwera yekha kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, abale ake onse anatsalira cha ku Ntcheu, mudzi wake osadziwika. Ndiye pamaliro panalibe wachibale womusudzula Doroteia, kumumasula kuti akwatiwenso. Anadikira, anatopa, anakwatiwa.

Kanema wa mukamera amakhala wamkulu, sangakwane mufoni. Amayamba wapanikizidwa mukomputadori kuti achepe. A Cipriano anandifotokozera, ngakhale zina ndinkazidziwa. Muli kapulogalamu kamene amati dalaiva. Kamabwereka tizipinda tingapo mu memoria, mosungira zinthu makinawo akamagwira ntchito, n'kumaika chithunzi chimodzi m'chipinda chilichonse. Chopanikiza chimatenga chithunzicho, chipinda chimabwezedwa, china chimalowa. Dalaiva akakhala wosalongosoka, amapereka chipinda chakale chikadali ndi chithunzi, ndipo chakalecho chimalowa m'kanema watsopano.

Kanema wa ukwati uja anakamuonetsa kunyumba kwa Doroteia, banja lonse lilipo. Pamene akwati ankatuluka m'tchalitchi, chithunzi chinaphethira. Kumbuyo kwa Doroteia kunaima munthu wa jekete lofiirira, chipewa chili m'manja. Kamphindi chabe. Ana anaseka. Akuluakulu sanaseke.

Amayi a Tito anadzuka. "Bambo Cipriano, uyu mwamuika ndinu?"

"Ayi mayi, ndi vuto la makina. Zakale zimatsalira."

"Ndiye malemuwa munawajambulapo?"

A Cipriano anali asanawajambulepo. Komputadori anaigula ku Tete munthuyo atagona kale m'manda. Kamera chimodzimodzi.

"Mubweretse wopanda munthuyo Loweruka," anatero amayiwo. "Akakhalamo, mwana wanga ndimutenga. Sangagone m'nyumba ya mwini."

Doroteia anaperekeza a Cipriano mpaka pamota, njinga yawo yamoto. Sanalire. Anangoti, "Muchotseni, bambo. Ndatopa kulima ndekha."

Madzulo ake, anthu akadali kubwera kuchokera kudimba, a Cipriano anayamba ntchito kwawo. Anayang'ana kanema wa mukamera. Munalibe munthu. Anapanikizanso. Pakhomo la tchalitchi, jekete lija. Anachotsa dalaiva, anaika wina. Jekete lomwelo, koma tsopano nkhope itatembenukira ku kamera. Ndiye anatsegula pamene dalaiva amalemba zimene akuchita. Tizipinda tonse tinkabwerekedwa ndi kubwezedwa bwinobwino, kupatula kamodzi. Kameneko kankaoneka kuti kali ndi mwini. Pulogalamu yokagwira panalibe.

Analamula kuti kamasulidwe. Komputadori inaima, kudikira.

Kunja kunali kutachita mdima. Agalu a pafupi anasiya kuuwa onse pamodzi.

"Odi."

Chitseko chinali chotsekula pang'ono. Anaona nsapato poyamba, zamatope ofiira, chonsecho mvula inasiya kalekale. Kenako jekete. Munthuyo sanalowe. Anaima mwaulemu, chipewa m'manja, monga mlendo wodikira mpando.

"Pepani bambo, ndakusokonezani pantchito."

A Cipriano anati mantha enieni sanawamve. Thupi linangozizira ngati dzanja limene waligonera.

"Mukufuna kundichotsa mmenemo."

"Ndatumidwa."

"Ndamva. Ine mkangano sindifuna. Kwathu sadziwa kuti ndinafa. Kunyumba kwalowa wina." Anatembenuza chipewa chija. "Ndiye ndikhale kuti?"

Funsolo analifunsa ngati munthu wofunsa njira. Anadikira yankho. A Cipriano anayang'ana pakomputadori, poti kwina koyang'ana kunalibe. Kamzere ka ntchito kanali katayambanso kuyenda. Atacheuka, pakhomo panali mdima wokha, ndi fungo la dothi lokumbidwa kumene.

Kanema anatha. Munthuyo analimo, kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka kumadyerero, kumbuyo kwa Doroteia, osasowanso.

"Simukanangodula malowo?" ndinafunsa.

"Kudula chiyani, achimwene? Ukwati wonse?"

Loweruka anapita chimanjamanja. Amayi a Tito sanafunse kanthu. Tito anamanga zovala zake pa njinga, khasu anasiya. Doroteia anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, ndipo sanadzutse mutu. Anthu a m'mudzimo amanong'ona kuti mlandu si wa makina, mkazi wosasudzulidwa amakhala ndi mwini. Ena amati a Cipriano anachita dala. Doroteia masiku a msika amapita kumalire, kufunsa amalonda a ku Ntcheu ngati akudziwa abale a Caetano wina, wamtali, amene anawoloka osabwerera. Palibe wamuyankha.

Ine ndayenda Macanga yense, Furancungo ndagonako kambirimbiri, ndipo makina ochita zachilendo ndawaona. Ndinawauza kuti azimitse komputadoriyo, achotse batire, memoria ikhuthuke yonse, basi.

"Ndikudziwa," anatero. "Ikazima, zonse zimatuluka."

Mwini baraka anali akuyatsa kumene nyali yachiwiri, anthu akuyamba kuchuluka. A Cipriano anayang'ana kumwamba, kunali mitambo kuyambira m'mawa. Anati sola lero sinadye dzuwa, batire la kunyumba silifika m'mawa, akabwereke la mnzawo kusanade kwambiri.

"Kuyambira tsiku lija sinazimepo. Mmenemo malemuyo sakuvutitsa munthu. Akatuluka apita kwa yani?"

Anamanga zipi ya jekete, anandigwira chanza, n'kupita kukaliza mota.