Chingwe cha Nyale

Unali m'mawa. Kunja kunkagwa mvula yowaza.

Chiharu ankaopa chivomezi. Ankachiopa kwambiri.

Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu. Lole inadutsa. Mawindo ananjenjemera. Chiharu anathawira pansi pa tebulo.

Mphepo inagwedeza chitseko. Chiharu anathawiranso pansi pa tebulo.

Mchimwene wake, Itsuki, anamuseka. "Tuluka, kamba iwe. Mpunga wakowu ndidya ndine."

Chiharu anachita manyazi. Ananena kuti sadzabisalanso.

Bambo awo anasiya kupakula. Anamuuza kuti munthu angalakwe pawiri. Akabisala popanda chivomezi, msuzi wokha ndiwo umazizira. Akapanda kubisala chivomezi chitabwera, amavulala.

"Nanga ndidziwa bwanji, Ababa?"

Bambo analoza nyale yakudenga. Chingwe chake chinkalendewera pamwamba pa tebulo. Anati aike mbale pansi pa chingwecho. Chingwe chikapitirira mlomo wa mbale, abisale.

Chiharu anabweretsa kakapu ka tiyi. Bambo anati kachepa. Azibisala tsiku lonse.

Itsuki anabweretsa beseni. Bambo anati lakula. Chivomezi chidzawapeza atakhala.

Bambo anatenga mbale ya malemu amayi. Anaipukuta. Anaiika pansi pa chingwe.

Lole ina inadutsa. Mawindo ananjenjemera. Chiharu anasiya kudya. Anayang'ana chingwe. Chinagwedezeka pang'ono. Sichinapitirire mbale.

Chiharu sanabisale. Anadya mpunga wake.

Kenaka kunja kunati zii. Kunalibe lole. Kunalibe mphepo.

Koma chingwe chinayamba kugwedezeka.

Chinapita uku. Chinapita uko. Chinafika pamlomo wa mbale. Chinapitirira.

Chiharu anayang'ana Itsuki. Ankaopa chivomezi. Ankaopanso kusekedwa.

"Achimwene, lowani pansi."

Itsuki anafuna kuseka. Chiharu anamukoka malaya. Bambo anazimitsa moto wophikira. Nawonso analowa pansi pa tebulo.

Nyumba yonse inagwedezeka. Makapu anagwa pashelefu. Anaswekera pamalo pamene Itsuki anakhala poyamba.

Chiharu anagwira mwendo wa tebulo. Bambo anagwira Chiharu.

Kenaka kunatinso zii.

Anatuluka pang'onopang'ono. Palibe anavulala. Mbale ya amayi inali pamalo pake.

Itsuki anayang'ana makapu oswekawo. Sanaseke. Anatapa mpunga wake. Anauika m'mbale ya Chiharu.

"Idya, kamba," anatero motsitsa mawu.

Bambo anasisita mutu wa Chiharu. Anatenga tsache. Anayamba kusesa.