Atate a Papepala

Lolemba m'mawa Ennie Shawa anaima kachitatu pazenera la ofesi ya mabasale, mimba ikulira. Anali atangotha masabata atatu payunivesite, ndipo khadi lake la chakudya anali atalikana kale kuholo yodyera. Basale yake inali ya bungwe lina lothandiza ana amasiye, ndipo ndi imene inkayenera kumulipirira bedi, chakudya ndi mabuku. Mayina a anzake onse anali atatuluka. Lake lokha ayi.

Kalaliki wa pazenerapo, bambo Kasoma, anali munthu wa ku dera la Migodi wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anatulutsa mapepala awiri m'failo n'kuwayala pafupi ndi mphuno ya Ennie.

"Ba Shawa, nifunseko. Batate banu banauka liti?"

"Kuuka bwanji?"

"Kumanda. Apa bahedi ba ku sekondale balemba kuti banafa mu 1971. Apa imwe mwalemba na kwanja kwanu kuti balipo, ni bakalipentala, bankhala ku Chawama. Manje ngati banauka tiuzeniko, na ise tiyambe kupemphera kuchechi kwanu."

Ophunzira amene anali pamzere anaseka. Ennie analoza pepala lachiwirilo.

"Amenewo ni atate aang'ono, mng'ono wa atate anga. Ndiwo anandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi. Pafomu panalembedwa kuti dzina la atate, ndiye ndinalemba."

"Nidziwa, mwana wanga. Na ine kwathu nili nabo batate batatu. Koma pepala siidziwa. Pepala ili na kabokosi kamodzi chabe."

Kenako anamuuza zofunika. Bambo Hosea Shawa apite kuofesi yolumbiritsa anthu m'tauni akalumbire kuti si iwo anamubala, ndipo wapampando wa chipani wa m'dera lawo alembe kalata yochitira umboni. Envelopu ya mayina inkapita kubungwelo Lachisanu dzuwa lili paliwombo, nthawi ya 12. Mapepala akachedwa, dzina lake lichotsedwa ndipo bedi lipita kwa wina.

Masana omwewo Ennie anakwera minibasi ya ku Chawama. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi likulowa mpaka m'mano. Anapeza bambo Hosea pansi pa mtengo wa mabulosi kuseri kwa nyumba, akupala thabwa la benchi la kutchalitchi uku akung'ung'udza nyimbo ya Lamulungu lapitalo. Akazi awo, mayi Felistus, anali pambaula akukazinga vitumbuwa vokagulitsa kumsika.

Bamboyo anamvetsera nkhani yonse manja ali pathabwa.

"Ndilumbire? Ine mkulu wa mpingo, ndiike dzanja pa Buku chifukwa cha kalaliki? Inde wanga ndi inde. Akamufuna inde ameneyo abwere adzamutenge pano."

"Atate, si kalaliki akufuna, ni malamulo."

"Nanga ndikalumbire kuti chiyani?"

"Kuti sindinu atate ondibala. Kuti ndinu ankolo."

"Ankolo." Anatafuna liwulo ngati munthu waluma mwala m'nyemba. "Felistus, kodi ankolo si malume?"

"Ndi malume," anatero mayiyo osadzutsa mutu.

"Ndiye ine ndine mlongo wa amako? Ndinabadwa mimba imodzi ndi amako ine?"

"Pachizungu ni liwu limodzi, atate. Malume, atate aang'ono, atate aakulu, onse ni ankolo."

"Ndiye Chizungu n'chosauka. Chikapemphe basale nachonso."

Mayi Felistus anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi. Ennie sanaseke.

"Komanso ndi basale ya mtundu wanji yofuna kuti munthu akane mwana wake?" anafunsa bamboyo.

Ennie anayang'ana pansi. Sanawauzepo kuti basaleyo inali ya ana amasiye. Tsiku limene kalata inabwera, bambo Hosea anaimirira m'tchalitchi n'kuyamika Mulungu pamaso pa mpingo wonse kuti mwana wawo wapata basale chifukwa cha nzeru. Ennie anaona kuti kukonza nkhaniyo n'kovuta, ndiye anaisiya momwemo. Ndipo tsiku limenelinso anaisiya momwemo.

Lachiwiri anathera maola atatu pakhomo pa wapampando wa chipani, khadi la chipani la mayi Felistus lili m'manja, kudikira kuti bamboyo abwere kuchokera kumzere wa ufa. Kalata anaipeza. Madzulo anadya m'mbale ya mnzake wa m'chipinda, Exildah, amene ankabisa nyemba ndi buledi m'chikwama potuluka m'holo.

"Bauze chabe kuti ni vamapepala," anatero Exildah. "Bantu bonse balumbira, palibe amene anakanthidwa na mphenzi."

"Suwadziwa atate anga iwe."

"Wayamba futi. Ndiye liwu yamene yakuika mumavuto."

Lachitatu Ennie anajomba kalasi ya masana n'kubwereranso ku Chawama. Benchi lija linali litaima ndi miyendo, bambo Hosea akulikwecha ndi sandipepa. Anawachonderera. Anawauza za bedi, za khadi lokanidwa, za nyemba za m'chikwama. Iwo anati ngati ndi njala azibwera kudzadya kunyumba. Anawauza kuti minibasi siyenda ndi mapemphero. Iwo anati Mulungu amene anatsegula chitseko sangachitseke chifukwa cha kabokosi. Anawauza kuti Lachisanu ndi mkuja. Iwo anati mkuja ali ndi mwini wake.

Pamenepo mtima wa Ennie unasefukira.

"Basaleyi ni ya ana amasiye, atate. Si ya nzeru ayi. Anandipatsa chifukwa ndine wamasiye. Simunandibale inu. Atate anga ali m'manda ku Katete, amayi anga ali pambali pawo, ndipo aliyense adziwa kupatula inu. Mufuna ndisiye sukulu kuti inu mukhale ndi dzina?"

Sandipepa anaima. Bambo Hosea anamuika pabenchi pang'onopang'ono, anapukuta manja pathalauza, n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanachimenyetse. Akanachimenyetsa mwina Ennie akanapepukidwa.

Mayi Felistus anapeza Ennie pamalo okwerera minibasi, ali ndi vitumbuwa vinayi m'pepala.

"Tenga. Pakamwa pamene patuluka mawu otere pafunika kutsekedwa ndi kanthu."

"Amayi, ndanama pati?"

"Sunaname. Mpeni nawonso sunama." Mayiyo anakonza chitenje m'chiuno. "Amako atapita, Moven atate ako anatsatira pasanathe chaka. Ali pabedi kuchipatala anagwira mng'ono wakeyu dzanja, akuti mwana wanga asadzamve liwu loti wamasiye pakamwa pako. Ine ndinalipo, ndinagwira botolo la madzi. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi liwu limenelo silinalowe pageti pathu. Aphunzitsi ako a kupulaimale atalinena, bambo ako Hosea anavala jekete n'kupita kusukulu. Ndiye iwe ukuti akaime pamaso pa boma akalisainire."

Minibasi inafika, kondakitala akumenya chitseko. Ennie anakwera. Vitumbuwa anafika navo kuyunivesite osaluma n'chimodzi chomwe.

Lachinayi anakhala m'kalasi osamva kanthu. Masana anatsitsa sutukesi yake pamwamba pa kabati n'kuyamba kupinda zovala. Exildah ankazitulutsa, iye n'kumazibwezera.

Lachisanu nthawi ya 7 mlonda wa pageti la atsikana anatumiza uthenga kuti pali mdala wina wakana kukhala pampando. Anali bambo Hosea, atavala jekete lakuda la pa Mgonero, nsapato zitayera ndi fumbi.

"Tiye, dzuwa likupita," anatero.

"Atate, za dzana zija..."

"Za dzana n'za dzana. Ndagona nayo nkhaniyi masiku awiri. Kalipentala uja wa ku Nazarete naye analera mwana amene sanabale, ndipo boma litaitana kalembera anayenda ulendo wautali osadandaula. Ine ndine ndani? Mkulu wanga anafuna kuti usavutike. Ngati liwu limene anandiletsa ndilo likudyetse, tikakambirana ndikamupeza."

Kuofesi yolumbiritsa anthu anapeza mzere wofika pamasitepe. Anafika kutsogolo nthawi itapitirira 10 koloko. Mkulu wolumbiritsa atamva kuti bamboyo safuna kulumbira pa Buku, anati palibe vuto: munthu amene chikhulupiriro chake chimamuletsa kulumbira amangokweza dzanja n'kutsimikiza kuti akunena zoona. Bambo Hosea anatembenukira Ennie.

"Wamva? Ukanafunsa Lolemba."

Ennie anawatsogolera kutebulo la mayi wotaipa.

Mayi wotaipa anafunsa mayina, anagogoda makina ake mwaliwiro, n'kusolola pepala. Linali la Chizungu chokhachokha, chimene bambo Hosea sankawerenga. Anatenga bolopeni, n'kupereka pepalalo kwa Ennie.

"Palembedwa chiyani?"

Ennie anawerenga chamumtima. Panalembedwa kuti Hosea Shawa si bambo wa mtsikanayu, ndi ankolo chabe, ndipo mtsikanayu ndi wamasiye wopanda kholo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 10:50. Kuchoka pamenepo kukafika kuyunivesite panali kuyenda pansi mpaka kusiteshoni, kudikira minibasi kuti idzaze, kenako msewu wonse uja. Akanatha kungoti palembedwa zimene mwanena. Dzanja la bamboyo linali likudikira pamwamba pa tebulo, chala chachikulu chili ndi chipsera cha sowo.

"Palembedwa zolakwika," anatero Ennie. Anabwezera pepalalo kwa mayi wotaipa. "Pepani amayi, mutaipenso. Muchotse ankolo chabe, muchotse wopanda kholo. Mulembe kuti atate ondibala anali Moven Shawa, anamwalira mu 1971, ndipo awa ni mng'ono wawo amene akhala atate anga kuyambira pamenepo."

"Iyi ndiye mawu timalemba bonse," anatero mayiyo. "Ngati mufuna yanu, mubwerere kumbuyo kwa laini. Riboni ya makina si yanu iyi."

"Tibwerera."

"Ennie, bweretsa pepalalo ndisaine," anatero bambo Hosea. "Ankolo, malume, ngakhale alembe kuti ndine azakhali ako, ndisaina. Taona nthawi."

"Simusaina bodza, atate. Inde wanu ni inde."

"Usandilalikire ine. Ndasiya benchi la mpingo, ndayenda pansi kuchoka ku Chawama, ndiye iwe ukataye sukulu chifukwa cha liwu limodzi?"

Ennie anawalanda bolopeni n'kukaima kumbuyo kwa anthu asanu ndi mmodzi. Bamboyo anamutsatira akupukusa mutu, akudandaulira aliyense wa pamzerepo.

"Mwana ameneyu ndi wouma mutu. Sindidziwa anatengera ndani."

"Ise taona kale," anatero mayi wotaipa, makina akulira.

Pepala lachiwiri linatuluka 11:25. Bambo Hosea anakweza dzanja, anasaina, chidindo chinagwa. Anathamanga mpaka kusiteshoni, jekete lili m'khwapa. Minibasi inadzaza mochedwa, inaima kawiri kutsitsa anthu, kachitatu kuthira madzi muinjini. Pamene ankafika paofesi ya mabasale inali 12:15, ndipo zenera linali lotseka.

Ennie anaima mapepala ali m'manja. Bambo Hosea, wefuwefu ali m'kamwa, anagogoda pathabwa la zeneralo ndi nkhonya ya kalipentala. Panapita kanthawi, zenera linakwera. Bambo Kasoma anali ndi banzi m'dzanja, ndipo patebulo pawo panali envelopu yaikulu ya khaki, kukamwa kwake kuli yasa.

"Mwachedwa, ba Shawa."

"Ndadziwa," anatero Ennie.

"Mwayi wanu guluu anasila muofesi muno. Nakangiwa kumata envelopu." Kabotolo ka guluu amene ankati wathayo kanali pambali pa chigongono chawo, kodzaza mpaka m'khosi. Anakakankhira kuseri kwa mafailo. "Bweretsani."

Anawerenga kalata ya wapampando, kenako pepala lija, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atafika pakati anaima, anakweza magalasi, anawerenganso. Anamenya chidindo, analemba dzina la Ennie pansi pa mayina ena, n'kumupatsa kapepala kokatengera khadi latsopano la chakudya.

Atatero anasuzumira pazenera kuyang'ana munthu amene ankapukuta thukuta ndi chipewa.

"Nanga aba bamene bafuna kuniphwanyira windo ni bandani?"

"Ni atate anga," anatero Ennie.

Bambo Kasoma anavula magalasi n'kutsina pakati pa maso.

"Ba Shawa, chokanipo apa nisanamve. Pitani mukadye. Na batate banu mubagawireko."