Amalume Ovala Thewera

Kambalame anali mtsikana wamng'ono. Anali wamng'ono kuposa onse m'kalasi mwake. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kufika kwawo mwamtendere akaweruka.

Koma m'kalasimo munali mnyamata wina. Anzake ankamutcha Mtalitali. Iye anali wamkulu kuposa onse. Ankalanda mapensulo. Ankalanda zofufutira. Ankakankha anzake pageti.

Tsiku lina analanda pensulo ya Kambalame.

"Ndikakunenera kwa amalume anga!" anakuwa Kambalame.

Mtalitali anaima. Anaganiza za bambo wandevu. Anaganiza za bambo wa manja akuluakulu. Anabweza pensulo ija msangamsanga. Kuyambira pamenepo sanamuputenso.

Kambalame sananame ayi. Amalume analipo ndithu. Koma analibe ndevu. Ngakhale mano anali asanakwane. Anali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo ankavala thewera. Iwo anali mwana womaliza wa agogo, mlongo wawo wa amayi. Kambalame ankawabereka kumsana. Ankawapukuta mamina. Koma ankawatchabe "amalume". Ulemu ndi ulemu basi.

Tsiku lina aphunzitsi analemba mawu pabolodi.

"Mawa aliyense adzatiuza za banja lake m'Chingerezi," anatero aphunzitsi. "Ponena wamkulu timati older than. Ponena wamng'ono timati younger than."

Kenako anamwetulira. "Iwe Kambalame, usadzaiwale amalume ako aja."

Aphunzitsi ankawadziwa bwino amalume. Agogo ndiwo ankasoka madiresi a aphunzitsi.

Mtalitali anatchera khutu. Mtima wa Kambalame unagunda. Gu! Gu! Gu!

Kunyumba, agogo anali pa makina osokera. Ankamaliza diresi lobiriwira la aphunzitsi. Amalume anali pansi pa tebulo. Ankatafuna tepi yoyezera nsalu.

Kambalame anayeserera mawu aja ndi amayi.

"Grandmother is older than Mother," anatero.

"Eya, agogo ako ndi aakulu kuposa ine," anavomera amayi.

"Mother is older than me."

"Eya, mwana wanga. Nanga amalume?"

Kambalame anayang'ana pansi pa tebulo. Amalume anamusekerera, dovu lili chuu.

"Amayi, m'mimba mukundiwawa," anatero Kambalame. "Mawa ndisapite kusukulu."

Amayi anamugwira pamphumi. "Thupi silinatenthe. Upita ndithu."

Kambalame anachita mantha. Mtalitali akadziwa, atani? Adzalandanso pensulo. Adzalandanso chikwama. Adzamukankhira m'matope.

M'mawa, ana anayamba kulankhula mmodzimmodzi.

Mtsikana wina anaimirira. "My sister is as old as me," anatero. "Ndife mapasa!"

Mtalitali anaimirira. "I am older than all of you," anatero, akudzimenya pachifuwa.

Kenako aphunzitsi anaitana Kambalame. Kambalame anaimirira. Mtima unagunda. Gu! Gu! Gu!

Ananena za agogo. Ananena za amayi. Kenako anaima.

"Nanga amalume?" anafunsa aphunzitsi.

Kambalame anafuna kunama. Anafuna kunena kuti older. Koma aphunzitsi ankawadziwa amalume. Kunalibe kothawira.

"My uncle is younger than me," ananong'ona.

"Wakhoza!" anatero aphunzitsi.

"Aang'ono kuposa iwe?" anafunsa mtsikana wamapasa uja. "Ali ndi zaka zingati?"

"Ziwiri," anayankha Kambalame.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Koma Mtalitali sanaseke. Anayang'ana Kambalame ndi diso lofiira.

"Unandipusitsa," ananong'ona. "Tionana pageti."

Belu linalira. Anzake anathamangira panja. Kambalame analongedza mabuku pang'onopang'ono. Anamanga nsapato pang'onopang'ono. Anayenda pang'onopang'ono. Koma geti linali limodzi lokha.

Mtalitali anali pomwepo. Anagwira chikwama cha Kambalame. Anachikoka mwamphamvu.

"Aitane amalume akowo tione!" anatero.

Kambalame analephera kukuwa. Misozi inalengeza m'maso.

Nthawi yomweyo agogo anatulukira pamsewu. Anabweretsa diresi la aphunzitsi. Amalume anali kudzanja lawo.

Amalume anaona chikwama. Anaona Kambalame akulira. Anataya dzanja la agogo. Anathamanga dzandidzandi, thewera likugwedera. Anagwira lamba wa chikwama ndi manja onse awiri.

"Siya!" anakuwa amalume. "Cha Mbalame! Siya!"

Mtalitali sanasiye. Pamenepo amalume anatsegula pakamwa. Analira! Analira mokuwa kuposa belu la sukulu.

Mlonda anacheuka. Mayi wogulitsa zipatso anacheuka. Aphunzitsi anatuluka m'kalasi. Maso onse anali pa Mtalitali. Mnyamata wamkulu akulimbirana chikwama ndi kamwana!

Mtalitali anasiya chikwama. Anagwidwa manyazi. Anasowa poyang'ana.

"Chachitika n'chiyani, mdzukulu wanga?" anafunsa agogo.

Kambalame anapukuta misozi. Ananena zonse. Ananena za pensulo. Ananena za pageti. Ananena za mantha ake.

Aphunzitsi anagwira Mtalitali paphewa. "Zoona, ndiwe wamkulu kuposa anzako," anatero. "Ndiye uziwateteza, osati kuwaopseza. Ndikamvanso zimenezi, ndiitana makolo ako."

"Pepa, Kambalame," anatero Mtalitali, atazyolika.

"Nanga awa?" anafunsa agogo, akuloza amalume.

Mtalitali anawerama mpaka pansi. "Pepani, amalume."

Amalume anamuyang'ana mwaukali. Kenako anayetsemula.

Pobwerera kunyumba, Kambalame anabereka amalume. Mtima wake unakhala pansi. Amayi atamva nkhaniyi, anamukumbatira.

"Wina akakuvutitsa, uzindiuza msanga," anatero amayi. "Usamavutike wekha, wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Kambalame.

Kenako anacheukira kumsana kwake. "Zikomo, amalume," anatero. "Lero mwandipulumutsa."

Koma amalume anali atagona kale, chala chili m'kamwa.