Tikiti ya Mayi Eliness

Pakhomo pa a Gerishon ku Matandani panali pamtendere. Bambowo anali mkulu wa mpingo, ndipo akazi awo, mayi Eliness, analima chimanga zaka zonse mpaka msana unayamba kukana. Ana anali awiri: Ethel, amene anakwatiwa m'mudzi momwemo, ndi Wisdom, amene anaphunzira n'kupeza ntchito ya muofesi ku Blantyre. Mnyamatayu sanali wakuba, sanalinso chidakwa. Matenda ake anali amodzi, kufuna kuoneka.

"Wisdom, wofuna kutamidwa ndi anthu amatha ngati makatani," ankatero bambo ake. Iye ankangoseka.

Msana utafika poti mayiwo sangathe kudzuka okha, madokotala anati opaleshoni yake ndi ya ku India. Mpingo unasonkha, a Gerishon anagulitsa ng'ombe zawo zonse, bungwe lina linathandizapo. Popeza Wisdom ndiye ankalankhula Chingerezi mosadodoma, anamusankha kuti akadwazike amayi ake.

Asananyamuke, dokotala anamukhazika pansi. "Pobwerera, mayiwa asakhale maola ambiri atapinda miyendo. Magazi akhoza kuundana m'mitsempha. Akwere bizinesi kalasi, komwe mpando umatambasuka ngati bedi, ndipo iwe ukhale pambali pawo, uziwamwetsa madzi ndi kuwayendetsa pang'ono." Matikiti awiri otero anagulidwa.

Opaleshoni inayenda bwino. Kutatsala masiku atatu kuti abwerere, foni inalira. Anali Kingsley, mnzake wa kusukulu amene ankagulitsa matikiti a ndege ku Blantyre.

"Aise, bizinesi ndi ya mabwana ang'onoang'ono," anatero Kingsley. "Nkhani ili ku fesiti kalasi. Kachipinda kakokako, chitseko chako, amakuyalira bedi, amakuitana ndi dzina. Kodi iwe udzakweranso liti ndege?"

"Nanga ndingakwanitse bwanji?"

"Wakwanitsa kale. Matikiti awiriwo ndiwasintha, imodzi fesiti, inayo ekonomi, kumbuyo kokhala anthu wamba. Masteni sadziwa kusiyana kwake, eti?"

Wisdom anakana. Kenako anayamba kuyang'ana zithunzi za kachipindako pa foni, m'mawa, masana, mpaka mawu a dokotala anachepa m'mutu mwake. Tsiku lachiwiri anamuimbira Kingsley n'kuvomera.

Kwa amayi ake anapita ndi nkhope yachisoni. "Amayi, mipando yasokonekera. Wina uli kutsogolo, wina kumbuyo. Ndiye kaya titani."

Yankho ankalidziwa kale, ndipo n'chimene chimandipweteka pa nkhaniyi. Kwathu kuno pakhomo pakakhala mpando umodzi, amakhalapo ndi mwamuna, mayi amayala chitenje pansi. Mayi Eliness anachita zimenezo moyo wawo wonse osadandaula.

"Khala kutsogoloko iwe, ndiwe bambo," anatero. "Ine paliponse basi, bola ndikafike kwathu."

M'ndegemo anawakhazika pakati pa alendo awiri amene chilankhulo chawo sankachimva. Madzi anawakana poopa kuti angafune kuchimbudzi n'kuvutitsa anthu a eni. Mwendo utayamba kuwawa anangoluma mano, poti sankadziwa woitana. Kutsogoloko mwana wawo anatseka chitseko, anadya, analawa vinyo koyamba m'moyo wake, anadzijambula zithunzi n'kuzitumiza kwa aliyense, kenako anagona tulo tofa nato. Maola asanu ndi atatu anatha osapita kumbuyo ngakhale kamodzi.

Potsika ku Malawi, mwendo wakumanzere wa mayiwo unali utatupa ngati mtondo. "Ndi kutopa chabe," anatero Wisdom, n'kuwakweza galimoto ya ku Neno. Atayamba kukwera mapiri, mayiwo anamugwira dzanja.

"Wisdom, mpweya ukundithawa."

Anamwalira asanafike pachipatala. Amene anawapima anati magazi oundana anachoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo.

Pamaliro, monga mwa mwambo, thupi lisanapite kumanda amene anadwazika amaimirira n'kufotokozera anthu mmene matenda anayendera. A Gerishon anamukodola. "Unali nawo ndiwe. Auze anthuwa, ndi amene anakutuma."

Wisdom anaimirira pamaso pa khamulo. Anafotokoza za chipatala, za opaleshoni, zonse mwadongosolo. Atafika pa ulendo wobwerera anati, "M'ndege ndinali nawo pambali, sanadandaule kanthu."

Ethel, amene anakhala pafupi ndi bokosi, anadzutsa mutu. Sanakuwe. "Achimwene, zithunzi munatitumizira zija ndaziyang'ana zonse. Bedi lanu ndaliona, chakudya chanu ndachiona. Amayi ndawafunafuna. Anali pati?"

Wisdom anagwada m'fumbi n'kuulula zonse, za Kingsley, za matikiti, za vinyo. Pomaliza, akulira, anati, "Koma ndinawafunsa. Anandipatsa okha mpandowo."

A Gerishon anamuyang'ana n'kumuyankha.

"Unawafunsa chifukwa unkadziwa kuti akupatsa."

Anatembenuka n'kuuza adzukulu kuti anyamule bokosi.

Wisdom analapa, ndipo patapita chaka mpingo unamulandiranso. Bambo ake amamuyankha moni, Ethel amamupatsa madzi akafika. Koma akadwala munthu pabanjapo, palibe amene amatchula dzina lake kuti akadwazike, ndipo iye amadziwa chifukwa chake. Kingsley anasintha nambala ya foni sabata yomweyo ya maliro.

Achinyamata, ndikukuuzani mosabisa. Kunyada ndi tchimo, ndipo sikubwera ndi nkhope yoopsa, kumabwera ngati mwayi woti sudzapezekanso. Makolo athu sadziwa kutimana. Adzakupatsani ngakhale chimene chikusunga moyo wawo, akumwetulira. Kulandira chinthu chotero n'kuba, ngakhale mwiniwake wavomera. Mulungu amakhululuka, inde, koma amene wamuika m'manda chifukwa cha kudzikonda kwako sadzuka poti walapa.