Bwera, Bwera, Basi

Ababa, ndine. Ndikulemba m'buku lanu la pageti, kumasamba akumapeto, chifukwa amayi akuti ndikuuzeni ndekha. Kalembedwe kanga mukukadziwa, musandiseke.

Zaka makumi awiri ndi zitatu munali mlonda pabwalo la ofesi ino. Galimoto ikamabwerera m'mbuyo munkaima kumbuyo kwake, dzanja m'mwamba. "Bwera, bwera, bwera, basi!" Kenako n'kumenya m'mbali mwa buti kawiri, pha pha. Ndinu amene munandipemphera ntchito yoyendetsa abwana, ine wothawa sukulu.

Galimoto yamagetsi itabwera simunaikonde. Munkati, "Chinthu chanji choyenda osatsokomola n'komwe?" Ndinakuuzani kuti ili ndi maso kumbuyo, masensa anayi pabampala, ikayandikira chinthu imalira yokha. Munati, "Ndiye ine andichotse ntchito basi." Tinaseka.

Kenako adokotala anauza abwana kuti achepetse mimba. Anagula njinga ziwiri ndi chitsulo chozinyamulira, ndipo amene anachimanga kumbuyo kwa galimoto ndine. Kuyambira tsiku limenelo galimoto inapenga. Ukangoika livesi, masensa ankaona njinga zija n'kumayesa ndi khoma. Tiiiiii, osalekeza. Kamera nayo inkangoonetsa masipokosi. Batani lozimitsira phokosolo lilipo, koma ukayatsanso galimoto limabwerera.

"Iwe, ndinagula galimoto kapena khanda?" anatero abwana. "Itontholetse."

Amakaniko anati tidikire sabata yamawa, pali waya woyenera kulumikiza. Ine sindinadikire. Ndinatsegula m'kati mwa buti, ndinapeza kabokosi kakuda kamene kamalira, kakang'ono ngati ka machesi. Ndinakazula. Abwana anandisisita paphewa n'kunena kuti ndine injiniya.

Lachinayi lija anandituma kutauni, galimoto anayendetsa okha. Chingwe chotchajira anangochiponya pansi monga mwa masiku onse. Inu munawerama kumbuyo kwa galimoto kuti muchipinde, iwo n'kuika livesi. Galimoto sinatsokomole. Sinalire.

Apolisi analemba kuti ndi ngozi. Palibe amene anafunsa chifukwa chake sinalire. Kabokosi kaja kanali m'thumba mwanga, Ababa. Ndinali nako ndikunyamula bokosi lanu.

Dzulo madzulo tinabwera ndi amayi kudzatenga katundu wanu: jasi, tochi, kapu ija yopanda chogwirira. Tinadikira kuti a muofesi aweruke, amayi sanafune maso a anthu. Tili m'kanyumba kanu ka pageti, foni yanga inalira. Abwana. Koyamba chichitikireni maliro. Ndinayesa akufuna kupepesa amayi.

"Uli pomwepo? Uichotse galimotoyo pakhomo, ukaiike kuseri. Alendo akufunsafunsa."

Basi, n'kudula.

Kunja kunali kutada. Babu la pakona, lija munadandaula nalo miyezi itatu, silinasinthidwebe. Mlonda watsopano anali atapita kukasaka chakudya.

"Amayi, khalani muno, musatuluke."

"Ndipite kuti ine?"

Galimoto inali pomwe anaisiya, njinga zili pomwepo, chitsulo chitapindika pang'ono mbali imodzi. Sindinachiyang'anitsitse. Ndinalowa. M'kati munkanunkhirabe mafuta odzola a abwana. Ndinaika livesi. Pakamera, masipokosi okhaokha. M'magalasi, mdima. Ndinamasula buleki pang'ono.

Ti.

Ndinaponda buleki. Wailesi inali yozima. Foni ili chete pampando. Ndinapisa dzanja m'thumba. Kabokosi kanalimo, timawaya take tiwiri tikundibaya chala.

Ndinadziuza kuti ndi makutu anga, munthu wosagona masiku asanu amamva zambiri. Ndinamasulanso.

Ti. Ti. Ti.

Sikunali kulira kuja kwa njinga, kotalika kosalekeza. Kunali kulira kwake kwenikweni, kwapang'onopang'ono, kwa galimoto imene yaona chinthu ndipo ikuchiyandikira. Kunkachokera kumbuyo, pamalo pomwe ndinasiya bowo.

Ndinatsitsa galasi. "Ndani?" Mphepo yokha, ikukoka pepala pasimenti.

Apa mantha anasanduka mkwiyo. Ndinamenya chiwongolero. "Lero ndiye ukulira? Lachinayi unali kuti?" Ndinkakalipira chitsulo, Ababa, ngati wamisala. Ndipo ndikuuzeni zoona, sindinapondenso buleki. Ndinaponda moto. Khoma linali kumbuyo uko, ndinkafuna ndikaiphwanyire pomwepo pamodzi ndi njinga zake, andimange ngati akufuna.

Titititititi.

Pha pha.

Phazi langa linapita lokha pabuleki. Phazi limeneli limadziwa dzanja lanu kuposa mmene limadziwira mutu wanga. Galimoto inaima. Kulira kunaleka. Pakamera, tayala la njinga imodzi linkazungulira pang'onopang'ono, kenako linaima.

Ndinatuluka. Ndinayenda chogwira galimoto mpaka kumbuyo.

Amayi anali atagwada pansi. Dzanja limodzi atafungatira jasi lanu, lina ataligwiritsa pasimenti, paja pamene osesa anakwecha mpaka kuyera kuposa pena ponse. Pakati pa chitsulo ndi mutu wawo sipakanakwana chikhatho changa. Anali asanatembenuke n'komwe. Sanamve kanthu. Galimoto ija simveka.

"Ndimangofuna ndione pamene anagwera," anatero.

"Amayi, mwamenya galimotoyi ndinu?"

"Ndi manja ati?"

Ndinatenga tochi yanu n'kuunika m'mbali mwa buti. Pafumbi panali zidindo ziwiri za dzanja, zatsopano. Chala chapakati chinali chachifupi, chija geti linakudulani ndili mwana.

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinatulutsa kabokosi n'kuwaonetsa amayi. Ndinawauza zonse, za njinga, za phokoso, za paphewa paja anandisisita. Sanalire. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzuka okha, dzanja langa analikana.

"Usandiuze ine," anatero. "Mwini wake wa nkhaniyi si ine. Kawauze wekha."

Lero m'mawa ndinapita kumanda. Ndinagwada, ndinalankhula mpaka mawu kusasa. Maluwa ayamba kale kufota. Koma zinali ngati kugogoda panyumba imene anthu anasamuka. Munthu amadziwa akamalankhula yekha.

Amakaniko akuti mwina ndi chinyezi m'mawaya. Nditawafunsa kuti chinyezicho chimalira ndi pakamwa pati, anati ali ndi kasitomala. Mlonda watsopano wasiya ntchito masana ano osatsanzika. Azimayi osesa akunong'onezana kuti madala aja palibe anawauza kuti aweruke.

Ndiye ndabwera kuno. Ndakhala pampando wanu, ndavala jasi lanu, kabokosi ndakaika patebulo. Galimoto ili pomwe munaiimitsa, sindinaikhudzenso. Ndinazula ndine, Ababa. Abwana anangonena, koma manja anali anga. Munaimitsa galimoto chifukwa cha amayi, ndikudziwa. Chimene sindikudziwa n'chakuti mukanaiimitsa ndikanakhala kuti ndinali ndekha. Nenani kanthu. Menyani ngakhale kamodzi. Ndakhala pano kuyambira dzuwa likulowa, ndipo sindichoka.

M'buku lino munkalemba aliyense wolowa pageti, ndi nthawi yake. Ine ndilemba amene sanabwere kudzakuikani.

Abwana. Anatumiza nkhata ya maluwa ndi asekilitale, dzina lanu atalilemba molakwika.

Akazi awo, aja munkawaperekeza ndi ambulera kukafika pakhonde, inu mukunyowa.

Amakaniko.

Achimwene, mwana wanu woyamba, amene munkamunyadira kwa aliyense wodutsa pageti pano. Anati ntchito yawathina, ndiwajambulire pafoni.

Amalume anati mwendo. Mwendo womwewo unawafikitsa kunyumba dzana kudzafunsa za wailesi yanu.

Ndi inu, Ababa. Inunso simunabwere.